Ulendo wautali pa njinga yamoto uli wekha: njinga, zovala ndi pogona

## Kodi ndi ulendo wamtundu wanji?

Okhala m'mbali mwa msewu wa M1 kapena wa M5 anawaonapo anthu amenewa: munthu mmodzi pa njinga yamoto yofiira ndi fumbi, mabokosi awiri m'mbali, chikwama chomangidwa kumbuyo, nambala yachilendo. Ambiri amakhala ali pa ulendo wa pakati pa Cape Town ndi Nairobi kapena Cairo, ndipo nyanja ndi imene imawapatutsira kuno. Mayendedwe otere sanayambe lero. Mu 1973 mtolankhani Ted Simon ananyamuka ku London pa njinga ya Triumph ya 500cc, n'kuzungulira dziko lapansi yekha kwa zaka 4, ndipo buku lake lotchedwa Jupiter's Travels linakopa anthu ambiri. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anadutsa m'Malawi pojambula pulogalamu ya Long Way Down, koma iwowa anali ndi magalimoto owatsatira. Woyenda yekha alibe zimenezo. Dalaivala ndi iye, makaniko ndi iye, wophika ndi mlonda ndi iye yemweyo, ndipo chilichonse chimene angafune chiyenera kukwana pa njinga imodzi.

## Njinga yaikulu kapena yaing'ono?

Zithunzi za pa intaneti zimachititsa ambiri kuganiza kuti popanda BMW ya 1200cc ulendo sungatheke. Njinga yotereyo imathamangadi ndipo imakhalika bwino, koma ikadzaza mafuta imalemera makilogalamu pafupifupi 250, katundu asanamangidwe. Ikagwa mumchenga pamalo opanda anthu, kuidzutsa ndi nkhani. Ikawonongeka, chipangizo chake chimachita kuitanitsidwa kunja, mwini wake n'kukhala masabata akudikira. Njinga za 125cc kapena 150cc, zonga Bajaj Boxer kapena TVS zimene akabaza amagwiritsa ntchito, zimalemera pafupifupi theka la pamenepo, zimamwa mafuta pang'ono, ndipo pafupifupi pamsika uliwonse pali makaniko amene amazidziwa mkati ndi kunja. Vuto lake ndi liwiro: njinga yaing'ono yosenza katundu imayenda momasuka pa makilomita 60 kapena 70 pa ola, choncho mabasi ndi malole amaipitirira tsiku lonse. M'misewu yakuno, yodzaza ndi maenje, mbuzi ndi misika, kuchepa kwa liwiro kumeneku si kutaya kwakukulu. Kwa woyenda yekha, njinga yabwino ndi imene angathe kuidzutsa ndi manja ake awiri.

## Makilomita angati pa tsiku?

Mtunda umawerengedwa ndi thupi komanso dzuwa, osati ndi mapu okha. Mukachotsa nthawi yodutsa m'misika, yoima pa malodibuloko, yothira mafuta ndi yopuma, wokwera njinga amatha makilomita 45 kapena 50 pa ola. Choncho makilomita 250 mpaka 300 ndi tsiku lathunthu. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu pa M1 ndi makilomita oposa 350. N'zotheka tsiku limodzi, koma mawa lake mapewa ndi msana zimadandaula. Odziwa amanyamuka kukangocha ndipo amafuna kukhala atafika pogona cha m'ma 3 koloko masana, poti kuno dzuwa likangolowa mdima suchedwa. Usiku m'misewu yathu mumakhala njinga zakapalasa zopanda nyali, ngolo za ng'ombe, ndi lole lowonongeka limene chizindikiro chake ndi nthambi zochepa zoponyedwa pamsewu. Nyali ya njinga yaing'ono siunika patali mokwanira kuti munthu aone zimenezi nthawi ilipo.

## Nyengo ndi njira

Miyezi ya Meyi mpaka Seputembala ndiyo yoyenera: mvula yatha, misewu yafumbi yauma, kutentha kwa Okutobala sikunafike. M'dzinja milatho ya m'mbali mwa nyanja imakokoloka kawirikawiri, ndipo dothi la katondo likanyowa limaterera ngati therere. Woyamba kumene angayese njira iyi: kuchoka ku Lilongwe kutsikira ku Salima pa M14, kukwera M5 kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, kukwera chitunda cha ku Mzuzu, kenaka kutsika Chiweta kukafika ku Chitimba. Ndi ulendo wa masiku 3 kapena 4 wosathamanga, ndipo uli ndi zonse zimene munthu angafune kuphunzira: phula, maenje, mchenga, zitunda ndi mphepo ya mwera.

## Chisoti chimagwira ntchito bwanji?

Chisoti, chimene ambiri amangoti helemeti, si chigoba cholimba chabe. Ubongo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza, ndipo mutu ukaima mwadzidzidzi pomenya phula, ubongo umapitirirabe n'kukadzigunda kukhoma la chigazacho. Ntchito ya chisoti ndi kutalikitsa pang'ono nthawi imene mutu ukuima. Chigoba chakunja chimamwaza mphamvu ya kugundako ndi kutchinga zinthu zosongoka. Pansi pake pali chinthu choyera, chopepuka, chofanana ndi chimene amatetezera wailesi yatsopano m'katoni, koma chothinana kwambiri. Chimenechi chimaphwanyika ndi kumeza mphamvuyo m'malo mwa mutu. Siponji yofewa yokhudza khungu ija ntchito yake ndi kungoti chisoti chikhale bwino. Chinthu choyeracho chikaphwanyika sichibwereranso, ngakhale kunja kukuoneka kosalala, n'chifukwa chake chisoti chimene chagwirapo ntchito pa ngozi chimafunika kutayidwa. Chipewa cha omanga nyumba chilibe gawo limeneli; chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba, osati munthu wogwa pa liwiro. Kafukufuku amene bungwe la WHO lakhala likutchula anapeza kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa imfa ndi 42 pa 100 aliwonse, ndi kuvulala kwa mutu ndi 69 pa 100 aliwonse. Mawu oti chovalidwa bwino ndi ofunika: lamba wa pachibwano akapanda kumangidwa, chisoti chimauluka mutu usanafike pansi.

## Kusankha chisoti m'sitolo

Yambani ndi kuyeza mutu ndi tepi ya telala, kuzungulira pamwamba pang'ono pa nsidze. Kwa opanga ambiri masentimita 57 kapena 58 ndi saizi M. Chisoti chatsopano chiyenera kuthina pang'ono, masaya n'kukankhidwa, koma osaboola pachipumi. Chivaleni mphindi 10 muli m'sitolo momwemo. Mangani lamba, gwirani kumbuyo kwa chisoti n'kuyesa kuchivula mochikankhira kutsogolo; chikavuka, n'chachikulu. Kenaka yang'anani kansalu kosokedwa pa lamba. Chisoti choyesedwa motsatira muyezo wa ECE chimakhala ndi chilembo E m'kabwalo, ndi nambala yoyamba ndi 05 kapena 06. Chilembo P kumapeto chikutanthauza kuti mbali yotchinga chibwano inayesedwanso. Kapepala komatidwa kolembedwa DOT, muyezo wa ku America, n'kosavuta kukopera, choncho pakokha sikokwanira. Chisoti chenicheni chotseka nkhope yonse chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chopepuka ngati chikho, chimene chimapindika mukachifinya m'mbali, n'chongoonetsa apolisi. Pa kaunjika pamapezeka majekete ndi nsapato zabwino zedi, koma chisoti chakale chimabisa mbiri yake, ndipo apa ndi pamene ndalama siyenera kuumiridwa. Galasi lake likhale loyera, chifukwa lakuda limachititsa khungu kukayamba kuda.

## Jekete, magolovesi ndi nsapato

Munthu akagwa pa njinga amavulala kawiri: pogunda pansi, ndi pokhwekhwerezeka. Phula limapala khungu ngati tupa, ndipo thalauza wamba wa jinzi amang'ambika pasanathe sekondi imodzi. Jekete la okwera njinga limapangidwa ndi chikopa kapena nsalu yolimba monga Cordura, ndipo m'mapewa, m'zigongono ndi kumsana muli zotchinga zochotseka. Zotchingazo zimakhala ndi chizindikiro cha CE ndi nambala EN 1621. Za mulingo 2 zimameza mphamvu yambiri kuposa za mulingo 1. Zimathandiza pokhapokha zitakhala pamalo pake, choncho jekete lokhwepa, limene chotchinga chake chimathawira kumbali mukapinda mkono, n'losathandiza. Manja ndiwo amatsogola munthu akamagwa, n'chifukwa chake magolovesi achikopa okhala ndi lamba padzanja amabwera pambuyo pa chisoti pa mndandanda wa zogula. Nsapato zikhale zokwirira akakolo, chifukwa njinga ikagwa imapsinja phazi, ndipo ekizozi yotentha imawotcha msanga. Zingwe za nsapato zilowetsedwe mkati kuti zisakole pa chopondera giya. Wosowa ndalama ayambe ndi chisoti, magolovesi achikopa a ogwira ntchito zolemetsa ndi jombo zolimba. Zinazo zibwere pang'onopang'ono.

## Kutentha ndi kuzizira tsiku limodzi

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo Nyika ali pa mamita oposa 2,000, kumene mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Pa mamita 1,000 aliwonse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mphepo ya pa njinga imawonjezera kuzizirako. Munthu angachoke ku Nkhata Bay akutuluka thukuta n'kufika ku Mzuzu zala zitauma. Chimene chimathandiza ndi zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza, m'malo mwa chimodzi chochindikala: jekete lolowa mphepo, juzi mkati, ndi chovala cha mvula pamwamba, chimene chimatchinganso mphepo. Nyuzipepala yopindidwa pachifuwa imagwiranso ntchito. Kotentha, ngozi yake ndi yobisika: mphepo imaumitsa thukuta msanga, munthu osazindikira kuti madzi akutha m'thupi, mpaka mutu uyambe kuwawa ndi maganizo kuchedwa. Malita 3 a madzi pa tsiku si ambiri.

## Kumanga katundu

Njinga imayenda bwino kulemera kukakhala pansi komanso pakati pa matayala awiri. Zolemera, monga zitsulo, madzi ndi chakudya, zikhale pansi m'zikwama za m'mbali, mbali zonse zilemere mofanana; zopepuka, monga tenti ndi chofunda, zikhale pampando wakumbuyo, pafupi ndi msana. Katundu wolemera akaunjikidwa kumapeto kwa kaliyala, tayala lakutsogolo limapepuka, chiwongolero n'kuyamba kugwedezeka pa liwiro kapena pokwera chitunda. Zikwama zansalu zimaposa mabokosi achitsulo m'misewu yafumbi, chifukwa bokosi limatha kupana mwendo munthu akaponda pansi. Malegeni amamanga bwino, koma nsonga yake isalendewere: ikalowa m'tcheni kapena m'masipoko, tayala limaima pompo. Zovala zikulungidwe m'mapulasitiki zisanalowe m'chikwama. Chikwama cholemera kumsana chimatopetsa, ndipo pa ngozi chimavulaza. Koma foni, ndalama ndi mapepala zikhale pathupi, poti munthu akagwa njinga imatha kutsetserekera kutali ndi iye. Makilogalamu 15 mpaka 20 amakwanira ulendo wa sabata kapena wa mwezi.

## Zitsulo ndi ntchito ya m'mawa

Chimene chimaimitsa ulendo kawirikawiri ndi tayala. Pamafunika chubu chapadera, zigamba ndi guluu, zitsulo zotsegulira tayala, pampu, ndi masipanala okwana manati a njingayo. Kuwonjezera apo pulagi, waya wa kilatchi, cholumikizira tcheni ndi oyilo pang'ono. Kukhala ndi zitsulo n'kosiyana ndi kudziwa kuzigwiritsa ntchito. Chotsani tayala lakumbuyo pakhomo panu kamodzi kapena kawiri, makaniko akuyang'ana, musananyamuke. Pomata, yendetsani zala pang'onopang'ono mkati mwa tayala: munga kapena kawaya kamene kanaboola kamakhala kakadali momwemo, ndipo kakasiyidwa kamaboolanso chubu chatsopano pasanathe kilomita. M'mawa uliwonse, injini isanalire, pamafunika mphindi 5: mpweya wa m'matayala akadali ozizira, mulingo wa oyilo, nyali, mabuleki, ndi manati amene mabampu amasula. Tcheni chizisewera masentimita 2 kapena 3 pakati pake. Chothina kwambiri chimawononga mabeling'i, chokhwepa chimadumpha. Fumbi ndi oyilo zikasakanikirana zimadya tcheni, choncho chipukutidwe kaye chisanadzozedwe.

## Mafuta

Thanki ya malita 11 pa njinga yoyenda makilomita 40 pa lita imafika patali, koma m'zaka zaposachedwa dziko lino laona mizere ya mafuta mobwerezabwereza, ndipo malo omwetsera mafuta amene ali pa mapu angapezeke ouma. Lamulo la oyenda ndi lakuti thanki ikafika theka, thirani pamene mwawapeza. Wopita ku Nyika akumbukire kuti kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100 a msewu wovuta, ndipo ayenera kuwerengera ndi obwerera omwe. Petulo wa m'mabotolo wogulitsidwa m'mbali mwa msewu wapulumutsa ambiri, koma nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini kapena amakhala ndi zinyalala. Kusefa ndi kansalu koyera kumachotsa zinyalalazo, palafini ayi. Petulo wakuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho mafuta ogonera nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amavutitsa injini.

## Kutsika phiri

Malo amene amayesa wokwera njinga ndi otsetsereka: Chiweta, Khwekhwerere pakati pa Dedza ndi Golomoti, ndi msewu wakale wa Gorodi wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Msewu umenewu ndi wa makilomita pafupifupi 15, wopapatiza, wamiyala malo ambiri, ndipo uli ndi makona akuthwa 20. Mabuleki amaimitsa njinga posandutsa liwiro kukhala kutentha. Akagwiridwa osalekeza pa mtsetse wautali amatentha mpaka kuleka kugwira. Chizolowezi chozimitsa injini potsika kuti mafuta asathe n'choopsa pa chifukwa chimenechi. Njira yake ndi kutsika pa giya yomweyo imene mukanakwerera, injini izibweza njinga, mabuleki n'kumangothandizira mwa apo ndi apo. Liwiro lichepetsedwe kona isanafike, maso ayang'ane kumene mukufuna kutulukira, osati kuphompho, chifukwa njinga imatsata maso. Pa phula buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Pa miyala yoyenda igwidwe mofatsa, apo ayi tayala limathawa. Pa Chiweta pamadutsa malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, ndipo pokhota amadya mbali zonse za msewu.

## Tenti ikhomedwe pati?

Ku Senga Bay, Cape Maclear, Kande, Nkhata Bay, Chitimba ndi Chelinda kuli malo olipira okhomapo tenti, okhala ndi madzi, chimbudzi ndi mlonda. Kutali ndi malo otere, mlendo ayenera kukumbukira kuti kuno kulibe thengo lopanda mwini. Tchire looneka lopanda ntchito lingakhale tsala la munthu, msitu wa mudzi, manda kapena dambwe, ndipo safunsa anadya phula. Njira yake ndi kufika kukadali kowala, kuzimitsa injini chapatali, kuvula chisoti ndi magolovesi, kupereka moni, ndi kupempha kuti akuperekezeni kwa anyakwawa. Mukafotokoza kumene mwachokera ndi kumene mukupita, kawirikawiri amakulozerani pabwalo, pasukulu kapena patchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wonse ukudziwa kuti muli mlendo wa amfumu. Chitetezo chimenechi chimaposa loko aliyense. Kangachepe kothokozera, monga shuga, mchere kapena sopo, n'koyenera. Posankha malo, pewani khwawa louma, poti mvula yogwa kumapiri imatsika usiku. Pewani kanjira kochokera m'madzi, kamene kangakhale ka mvuu, ndi mabango a pamathiriro a mitsinje, kumene kumakhala ng'ona. Yang'ananinso pansi ngati pali mzere wa linthumbu. Mumchenga, mwendo woimikira njinga umamira pang'onopang'ono usiku. Kamwala kaphanthiphanthi pansi pake kamathetsa vutolo. Malo ena osungira nyama zakutchire salola njinga zamoto kulowa, choncho funsani musanapatuke.

## Mkati mwa tenti

Tenti yabwino kuno ndi ya nsalu ziwiri: yamkati yaukonde yotchinga udzudzu, ndi yakunja yotchinga mvula ndi mame, imene ingachotsedwe kukatentha. Khomo lifulatire mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi, choncho kamatiresi kopyapyala n'kofunika mofanana ndi chofunda. Mbaula isalowe m'tenti ngakhale kuzizire chotani: makala oyaka pamalo otseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Malungo amayamba kuoneka patatha sabata kapena kuposerapo chilumidwireni, choncho kutentha thupi kulikonse, panjira kapena mutabwerera, kukufuna kuyezetsa magazi msanga. M'madzi odekha a m'mbali mwa nyanja muli nkhono zofalitsa likodzo. Wosamba kumeneko akaonane ndi achipatala pambuyo pake, mankhwala ake ndi praziquantel. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kulorini. M'mawa, kutumulani nsapato musanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda malo amdima ofunda.

## Mapepala ndi malire

M'dziko muno pamafunika laisensi ya njinga yamoto, ya A1 pa njinga zosapitirira 125cc ndi ya A pa zazikulu, bulubuku, inshuwalansi, ndi chiphaso chosonyeza kuti njinga ili bwino. Wodutsa malire pa Mchinji, Songwe, Mwanza kapena Dedza amafunikanso pasipoti ndi chilolezo cholowetsa njinga kwa kanthawi m'dziko linalo. Njinga ikakhala ya wina, pamafunika kalata ya mwini wake. Inshuwalansi ya COMESA yotchedwa Yellow Card imagwira ntchito ku Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, koma ku Mozambique imagulidwa ina pamalire. Maiko onse oyandikana nafe amayenda kumanzere kwa msewu ngati kuno.

## Nanga ukagwa uli wekha?

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo woyenda yekha amabwezeretsa mnzake wosowayo ndi dongosolo. M'bale mmodzi adziwe njira ya tsiku lililonse ndi nthawi imene ayembekezere uthenga madzulo, adziwenso chochita uthengawo ukapanda kufika, poti m'mapiri ndi m'nkhalango netiweki imasowa. M'thumba la jekete mukhale kapepala kolembedwa dzina, mtundu wa magazi, matenda amene muli nawo ndi nambala ya m'bale. Mukagwa, zimitsani injini, chokani pamsewu, khalani pansi mphindi zingapo. Thupi likadzidzimuka limabisa ululu, ndipo ambiri amazindikira kuti athyoka atayamba kale kunyamula njinga. Podzutsa njinga, iikeni m'giya, ifulatireni, tsamiritsani chiuno pampando, ndipo nyamulani ndi miyendo, osati ndi msana. Ngati mutu unagunda pansi, kusanza, chizungulire, tulo tachilendo kapena mutu wowawa mowonjezereka ndi zizindikiro zofuna chipatala tsiku lomwelo, wina akuyendetseni. Ndipo inu amene mungapeze wokwera njinga atagona pamsewu, wakuno kapena mlendo: imitsani magalimoto, mulankhuleni, musamudzutse mokakamiza, ndipo ngati akupuma bwino musamuvule chisoti. Khosi likhoza kukhala litathyoka.